Mwamuna Amene Amayi Anapeka

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene pakamwa panga panaika amayi anga m'mavuto. Tinkakhala ku Nyachikadza, kutsidya kwa Shire, kumene ulendo uliwonse wa kuchipatala umayamba ndi kupempha mwini bwato. Amayi anali pachitengwa, pakati pa abale a bambo, ndipo bambowo anali ku Nchalo kodula nzimbe.

Mimba ili ndi miyezi isanu ndi itatu, ndinawaperekeza kusikelo ku boma. Anandisiya pabenchi panja, koma chitseko sichinatsekeke bwino, ndipo ine makutu ndinali nawo akuthwa. Atawaunika pamimba ndi makina, namwino anati: "Mayi, mwana wagona chopingasa. Musayerekeze kuchirira kunyumba. Katengeni katundu, mubwere mudzadikirire konkuno sabata ino isanathe."

M'bwato pobwerera amayi anaika dzanja pamimba. Titayandikira doko anandigwira phewa. "Zimene wamva zija usauze munthu. Ndilankhula ndekha ndi abambo ako."

Sindinagwire mawuwo. Ndinali ndi mantha kuti amayi afa, ndipo ndinkakhulupirira kuti akuluakulu akadziwa vuto amathandiza. M'mawa mwake ndinapeza azakhali, mlongo wamkulu wa bambo, akupeta mpunga, ndipo ndinawakhuthulira zonse. Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana ngati ndawapatsa mphatso.

Kwathu ankati mwana sapingasa chabe. Ankati amenewo ndi mapinga: wina wayenda kunja kwa banja, ndipo mwana satembenuka mpaka wolakwayo ataulula. Pa anthu awiri a m'banjamo, mmodzi anali mwamuna wokhala yekha miyezi yambiri kutali ndi kwawo. Palibe amene anamufunsa kanthu. Anafunsa mkazi wotupa miyendo amene ankakhalira kudimba ndi kuchitsime pamaso pawo tsiku ndi tsiku.

Azakhali anasonkhanitsa amayi achikulire kuseri kwa nyumba, dzuwa likuwotcha ngati mbaula, n'kukhazika amayi pamphasa pakati pawo.

"Mulamu, tchulani mwamunayo kuti njira itseguke."

"Nkhabe," amayi anakana. "Palibe mwamuna wina. Ndisiyeni ndipite kuchipatala."

"Kuchipatala akakuchitani chiyani ndi nkhani yobisa? Muulule kaye."

Bwato linali la amuna awo a azakhali. Nkhafi anazilowetsa m'nyumba, ndipo ena a mabwato anakana kulowerera za pabanja la eni. Tinatumiza uthenga kwa bambo. Yankho lawo linali lalifupi: amvere akuluakulu. Mpaka lero ndikakumbukira yankho limenelo mtima umandiwira.

Anawakhazika pamphasa paja masiku anayi. Kumapiri mvula inkagwa, Shire anafiira n'kuyamba kulowa m'madimba, ndipo fungo la matope linafika mpaka pakhomo. Aliyense ankadziwa kuti madzi akapitirira, palibe wopalasa amene angavomere kuwolotsa mayi wapakati. Amayi sankadya. Ndinkawamva akupempherera mwanayo motsitsa mawu kwinaku akumusisita.

Tsiku lachisanu anadzutsa mutu n'kunena kuti: "Chabwino. Ndi Tomasi, wogula nsomba wa ku Mozambiki."

Amayi achikulire aja anagwedeza mitu mokhutira. Azakhali anatulutsa nkhafi nthawi yomweyo, ndipo tinawoloka madzi akukokera bwato kumunsi. Mwanayo sanatembenuke ndi dzina lija ngakhale pang'ono. Mlongo wanga Zuze anabadwa ndi opaleshoni patapita milungu iwiri, wamoyo, wolira mokweza. Azakhali ankauza anthu kuti wapulumuka chifukwa amayi anaulula.

Bambo sanawathamangitse amayi. Anangokwatira mkazi wachiwiri, ndipo Zuze sanamunyamulepo. Kuchitsime amayi ankatchedwa akazi a Tomasi, ena mowanong'ona, ena mowaseka pamaso. Ine amayiwo sanandimenye, sanandikalipire, ndipo bola akanatero.

Nditakula ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti Tomasiyo anali ndani. Anali akusenda mbatata, ndipo sanasiye.

"Mwana wanga, Tomasi sanabadwepo. Ine ndinkafuna bwato."

Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu ndekha, ndipo n'zoona kuti nkhani ya mimba ya munthu mwini wake ndiye amasankha womuuza. Zimenezo ndinaziphunzira mowawa. Koma lero ndikuona kuti mwana wamantha akathamangira kwa akuluakulu sanachimwe. Anachimwa ndi anthu amene anamva kuti mayi ndi mwana ali pangozi, iwo n'kuona mpata woweruza mlandu. Amayi anapereka mbiri yawo kuti Zuze akhale ndi moyo, ndipo amene anawalanda mbiriyo anapita kumanda osapepesa. Abale amandiuza kuti ndiiwale, poti ndi zakale. Sindinakhululuke, ndipo asiye kundipempha.