Mutu Umene Sunali M'kalasi

Chimene Pilirani Kachingwe anakondera Mzuzu ndi kuzizira. Sikuti thupi lake linkagwirizana nako, ayi. Munthu wokulira ku Balaka, kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, sangakonde nkhungu ya ku Mzuzu. Koma kumalo kozizira mayi atha kuvala juzi ya manja aatali tsiku ndi tsiku popanda womufunsa chifukwa, ndipo Pilirani chifukwa anali nacho: chipsera chochokera pachigongono kufika pafupi ndi chikhatho, chimene mwamuna wake anamusiyira ndi chikwanje. Bamboyo sanachite modzidzimutsa. Anayamba wanena kaye sabata yathunthu, modekha, ngati akunena za mvula: "Ndikutema." Anthu ankati ndi mowa ukulankhula. Loweruka lake anamutemadi.

Bala litapola, Pilirani anasiya sukulu imene anaphunzitsapo zaka zisanu ndi zinayi, nakwera basi ya kumpoto. Anakafikira ku Salisbury Lines kwa msuweni wake Stella, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni. Mwezi woyamba anangokhala m'nyumba. Koma mphunzitsi ndi mphunzitsi, choko chimamuyabwa m'manja. Mpingo wina wa ku Geisha unali ndi kachipinda kosungiramo mabenchi othyoka, ndipo Pilirani anapempha kiyi wake. Loweruka lililonse ankaphunzitsamo ana a Sitandade 5 mpaka 7, onse pamodzi makumi awiri ndi atatu. Ankayamba ndi kuwerenga, mitu ikadali yozizira. Kenako sosho, mapu a Malawi atawajambula ndi khala pakhoma chifukwa bolodi linali laling'ono. Masamu ankawaika kumapeto, kuti wofuna kuthawa athawe atamva kale zina.

Ana anamuzolowera msanga, koma akuluakulu ankati madamu a ku Balaka ndi onyada. Pomupatsa moni wa "Monire," iye ankangoti "Zikomo" n'kupitirira. Miyezi inayi inatha asanatole mawu khumi a Chitumbuka. Sikunali kunyada. Pilirani ankadziwa kuti funso limabala funso: ukafunsa kuti mawu awa akutanthauzanji, nawenso akufunsa kuti kwanu n'kuti, bambo ali kuti, mwabwera kudzatani. Choncho sankafunsa kanthu. Ngakhale dzina la mwana wina m'kaundula wake, Temwani Gondwe, ankaliitana mothamanga, akudabwa kuti ndi makolo otani opatsa mwana dzina lonunkha chikwanje chotero. Akanangofunsa kamodzi! Koma paja safunsa anadya phula.

Nkhani inayambira m'kope la Lusungu Luhanga, mtsikana wa Sitandade 6 wochokera ku Lupaso. Pakuwerenga Lusungu anali patsogolo, pa sosho ankatchula maboma onse a kumpoto osapumira, koma masamu ogawa aatali aja ankamugwetsa ulesi. M'kalasi ankalephera onse. Chodabwitsa, homuweki ankabwera nayo yokhoza yonse, mayankho okhaokha popanda njira yake, manambala ake akuluakulu, odinda ngati wolembayo amalimbana ndi pensulo. Pilirani anachonga onse, chifukwa anali olondoladi, kenako nalemba pansi pake ndi cholembera chofiira: "Mayankho ngolondola onse. Koma mutu umene wawapeza suli m'kalasi mwanga." Analemba akumwetulira, poti pakamwa pake panali pakuthwa kuyambira kale, ndipo anaiwala.

Loweruka lotsatira, ana akutuluka, Lusungu anatsalira pakhomo.

"Madamu, adada aona zimene munalemba zija. Ndinawawerengera kawiri."

"Ndiye ati bwanji?"

"Akuti akutemwani chomene. Akuti abwera Loweruka, mudzakambirane za mutu uja."

Mwanayo anathamangira anzake. Pilirani anatsala ataima, kiyi ali m'manja. Makutu ake anamva mawu amodzi okha, ndipo anawamva monga ankawadziwira: akutemani. Chomene ankadziwa kuti ndi kwambiri. Tsiku nalo linali lomwe lija, Loweruka.

Lolemba anafunsa mochenjera kwa mayi wogulitsa tomato pafupi ndi tchalitchi kuti a Luhanga a ku Lupaso amagwira ntchito yanji. "A Ackim? Amapha mbuzi ndi nkhumba. Fupa la mwendo kamodzi kokha, phwa!" Mayiyo anaonetsa ndi dzanja mmene chimatsikira chikwanje. Pilirani anasiya tomato amene anasankha n'kubwerera kunyumba.

Anamuuza Stella Lachiwiri. Apa ndiye panawonongekera zinthu, chifukwa Stella anakhala ku Mzuzu zaka khumi, ndipo akanamva mawu a mwana uja mmene anatulukira akanaseka mpaka kugwa. Koma Pilirani anawanena m'Chichewa chake cha ku Balaka: "Bambo wa mwana wina akuti anditema."

"Akutema? Chifukwa cha homuweki?" Stella anaika kapu pansi. "Tiye kupolisi, msuweni wanga."

"Kupolisi akafuna dzina langa, kwathu, ndi dzina la mwamuna wanga. Ukufuna adziwe kumene ndili?"

Stella nayenso anayamba kutseka chitseko ndi mpiringidzo masana.

Sabata imeneyo Pilirani anaonda ngati wodwala. Njinga ya kabaza ikaima pamsewu, iye ankasuzumira pakatani. Mnansi akamawaza nkhuni, ankagwira mkono wake wa chipsera osadziwa kuti waugwira. Chimene chinkamuwawa kuposa mantha n'chakuti ulendo uno anadziputira yekha. Ndani anamutuma kuchita nthabwala ndi mutu wa bambo wa eni? Munthu wamkulu, wonyozedwa pamaso pa mwana wake, ndi mzimayi wobwera, pa cholembera chofiira! Ndipo wina asamuuze kuti amuna amangonena. Iye anali ndi umboni pansi pa juzi.

Lachisanu analongedza chikwama. Stella anamupezera malo kwa mnzake ku Karonga. Koma pampando panali makope makumi awiri ndi atatu ochonga kale, ndipo a Sitandade 7 anali ndi mayeso sabata yotsatira. Kuthawa nawo makope a ana a eni kunamukanika, kuwasiya kwa Stella kunamukanikanso. Anaganiza zolawirira, kukawasiya pabenchi, kupereka kiyi kwa mlonda wa tchalitchi, n'kupita kudepoti ana asanabwere.

Anafika ku Geisha cha m'ma seveni, mvula yamawawa ikugwa, chikwama chili kumsana. Anatsegula, naika makope pabenchi, nayamba kuwasanja monga mwa makalasi, poti ngakhale wothawa safuna kusiya chisokonezo. Kusanja kumeneko n'kumene kunamuchedwetsa. Atatembenuka, pakhomo panali pataima bambo wamtali wovala magambuti, Lusungu ali pambali pake. M'khwapa mwa bamboyo munali thumba lokulunga, ndipo chigwiriro cha chikwanje chinatulukira kunja.

Kachipindako kanali ndi khomo limodzi. Zenera linali ndi zitsulo. Pilirani anabwerera chambuyo mpaka msana unagunda bolodi. Chimene chinabwera m'mutu mwake n'chakuti mwanayu asaone.

"Monire a Madamu," anatero bamboyo, akuvula chipewa. "Ndine Ackim Luhanga. Mutu uja ndabwera nawo."

Anadzigogoda pachipumi ndi chala, naseka yekha. Ataona kuti madamu sakuseka, anachita manyazi nayamba kulankhula mothamanga, Chichewa chake chikupunthwa pa Chitumbuka.

"Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, a Madamu. Masamu ndimapanga m'mutu, kuntchito sikelo imandipeza ndayankha kale. Sono kulemba njira yake, yayi, sindidziwa. Mwana akandifunsa kuti adada mwapeza uli, ndimangomuyang'ana. Zaka zonse izi palibe ticha anandichongapo. Imwe mwandichonga teni pa teni, mwadziwanso kuti ndine! Ndinauza mama wake kuti ticha uyu amaona. Ndiye ndati mutu umene suli m'kalasi ulowe m'kalasi, ngati benchi lilipo kumbuyo."

Pilirani anamva mawu onse, koma maso ake sanachoke pa thumba lija. Ana ena anali atayamba kufika, akusuzumira m'mbali mwa bamboyo. Pamapeto pake anafunsa funso limene akanayenera kufunsa sabata yatha.

"Munatuma mwana kuti... kuti munditema?"

"Kutema?" A Luhanga anatembenukira mwana wawo. "Iwe, unanena vichi?"

"Ndinati akutemwani, adada! Monga munanenera!"

Ana pakhomo anaphulika nako kuseka. Wina anakuwa kuti, "Madamu, kutemwa ndi kukonda!" Wina anakankhira mnzake kutsogolo: "Uyu ndi Temwani. Mumaganiza kuti dzina lake ndi lotani?" Nawonso a Luhanga anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa.

Pilirani sanathe kuseka. Anatenga choko, poti nthawi ya kuwerenga inali itakwana. Analemba pabolodi KUTEMA, pansi pake nalemba KUTEMWA. Atakweza mkono kuti azungulize chilembo chosiyanitsa, dzanja la juzi, lolemera ndi mvula, linatsetserekera kuchigongono.

Ana ankayang'ana bolodi. A Luhanga anayang'ana mkono. Munthu amene wagwira chikwanje zaka makumi awiri safuna kuuzidwa chimene chinasiya mzere wotero, ndiponso amadziwa kuti umagwera pamenepo munthu akamatchinga nkhope. Kuseka kunawathera pakamwa. Sanafunse kanthu. Anatuluka ndi thumba lawo, nadutsa bwalo lonse la tchalitchi m'mvula, nakalisiya kwa mayi wa tomato kutsidya kwa msewu. Anabwerera manja ali zii, akuwaonetsa poyera ngati mwana amene wasamba, nakadzipinda pabenchi lakumbuyo, mawondo atafika pachifuwa.

"Phepani chomene, a Madamu," anatero chapansipansi. "Sichidzabweranso kuno."

Pilirani anakoka dzanja la juzi, nakankhira chikwama chake kuseri kwa chitseko ndi phazi. Anatsegula kaundula. Pansi pa dzina lomaliza anawonjezera nambala 24, nalemba Ackim Luhanga, choko chikadali pazala. Kenako anayamba kuitana mayina. Atafika pakati anaima, natchula dzina lija pang'onopang'ono, chilembo chilichonse chikumveka.

"Temwani."

"Ndilipo, Madamu."

Anayang'ana mwanayo nthawi yaitali, mpaka anzake anayamba kugundana zigongono.

"Anakupatsa ndani dzina limeneli?" anafunsa Pilirani.