Madzi a ku Chinyunyu m'batire

Sukulu ndinaisiyira mu giledi seveni, nditamenya mnzanga ndi mwendo wa desiki. Atate anandipirira zaka zingapo, ndipo atatopa nane ananditumiza kwa amalume ku Lunsemfwa, kupitirira Shikabeta. Anati kumeneko kulibe womenyana naye, kupatula ng'ona.

Amalume ankakhala m'boti. Silinali lawo. Mwini wake anali mzungu wa ku Lusaka, amene ankabwera m'chilimwe kudzawedza ndi anzake. Linali lachitsulo, lotambalala, la denga lamalata, lomangidwa ndi tcheni ku mkuyu. Amalume analisunga zaka zambiri, ndipo ine anandipatsa malo kumbuyo, pafupi ndi mabatire. Kunali udzudzu, kunali kutentha, koma kunalibe ondiloza chala. Kumudzi sindinafune kubwererako.

Padenga panali sola. Waya wake unkatsikira ku mabatire awiri a lole, ndipo kuchokera pamenepo unkalowa m'kabokosi kotchedwa inveta, kamene kankasandutsa moto wa batire kuti filiji igwire ntchito. Moto ukachepa, kabokosiko kankalira ngati kamwana ka nkhuku. Ntchito yanga inali kupukuta fumbi pa sola ndi kuwonjezera madzi m'mabatire. Amalume ankatchera madzi amvula m'beseni n'kuwasunga m'mabotolo.

"Amvula okha, mphwanga. A mumtsinje ayi. Wamva?"

Ndinamva. Koma chaka chimenecho mvula inachita kutinyoza, mabotolo anatha dzuwa lisanafike n'pakukwiya pomwe. Tsiku lina amalume anandituma kumsewu kukagula mchere ndi parafini, n'kunena kuti ndifikenso ku Chinyunyu ndikawatungire madzi otentha aja, oti azithowera mawondo. Madziwo amatuluka pansi akubwadamuka, oyera mbee. Ndili panjira, chigubu chili panjinga, ndinaganiza kuti awa si a mumtsinje. Madzi otuluka ndi moto wawo, ochiza mawondo a nkhalamba, angalephere kudzutsa batire? Ndinawathira m'mabatire osauza munthu. Ndinathiranso kangapo, chifukwa dzuwa linkamwa madziwo msanga. Ndinkafuna kuti amalume adabwe okha.

Patapita miyezi iwiri kabokosi kanayamba kulira madzulo. Kenako masana. Kenako ngakhale m'mawa dzuwa lili phwee. Uthenga unali utafika kale kuti bwana, mwini boti uja, akubwera mwezi ukatha.

Tinayamba ndi mitu ya mabatire. Tinapala zoyera zija ndi mpeni, tinathira madzi otentha, tinamanganso zolimba. Kanalira. Tinatsata waya kuchokera padenga, chikhato ndi chikhato, mpaka tinapeza pamene khoswe anatafuna. Amalume anaseka tsiku limenelo, anati tamugwira mfiti. Tinalumikiza, tinakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Kanakhala chete mpaka masana, n'kuyambanso. Tinachotsa filiji, tinasinthanitsa mabatire, tinagundanitsa mawaya kuti tione moto. Unkatuluka wofiira, wofooka, osati wobiriwira wothetheka ngati kale. Masiku asanu ndi atatu tili chogwada pachitsulo chotentha, malaya atabooka ndi asidi, manja akuyabwa.

Tsiku lina ndinavula patapata n'kukawomba kabokosiko katatu.

"Iwe! Kakulakwira chiyani? Mwana akalira njala umamenya mwana?"

"Kafa aka, amalume! Tikaponye m'madzi!"

"Kakanafa kakanakhala chete. Kakunena zoona, ife ndife osamva."

Ndikunena zoona, mpaka tsiku limenelo madzi aja sanandibwerere m'mutu. Anatulukira okha amalume. Mawondo atawatupa chifukwa cha kugwada, anapita kukatenga chigubu chawo, n'kupeza madzi atsala pansi penipeni. Anachigwedeza. Anayang'ana ine, anayang'ana mabatire.

"Mphwanga, madzi anga wamwa?"

Anagwedezanso chigubucho.

"Kapena wamwetsa wina?"

"Munati a mumtsinje ayi. Amenewa si a mumtsinje!"

Anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira bondo. Sanakalipe. Anaviika chala m'chigubumo n'kundiuza kuti ndilawe. Anali ndi kamchere, ndi kafungo ka dzira lowola. Anati batire limafuna madzi opanda kanthu, madzi osauka, ndipo za m'nthaka zimenezo zadya mkati, palibe chobweza. Tinayesabe kukhuthula ndi kutsuka limodzi. Kunali kungodzitopetsa.

Bwana anafika ndi anzake awiri ndi nyama yodzaza bokosi. Atatsegula filiji n'kupeza ili yofunda, anatembenukira amalume. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, koma chipongwe chinkamveka bwino. Anati madala wakalamba, ntchito yamukanika, apeza wina. Amalume anangoima, chipewa chili m'manja, akuti inde bwana. Anali atandiuza kale kuti nditseke pakamwa, nkhaniyi aimaliza okha.

Mutu wanga unatentha.

"Musawakalipire! Ndine ndinathira madzi a ku Chinyunyu! Ngati mabatire anu ndi amfumu, bwanji simunawasiyire madzi awo?"

Mmodzi wa anzake anaseka mpaka kutsokomola. Bwana sanaseke. Anafunsa amalume kuti ameneyu ndani, ndipo iwo anati ndi mwana wa mlongo wanga. Bwana anati madala akhale, koma mnyamata uyu asapondenso m'boti muno.

M'mawa mwake tinamanga batire limodzi panjinga, kuti ndikalisiye kwa makanika wa pa Rufunsa akaliyese, popeza inali njira yanga yomweyo. Amalume anandiperekeza mpaka pamene njira imayamba kukwera phiri, akutsimphina. Ndinkadikira kuti anene kuti ndachita bwino kuwaimirira. Iwo anati, "Ukanakhala chete, akanakalipa n'kuiwala. Ndimamudziwa. Tonse tikanakhala."

Anabwerera. Ine ndinakankha njinga. Batire lakufa limalemera chimodzimodzi ndi lamoyo, ndipo phiri la kumeneko silitha. Makanika analandira batirelo, anatsegula kachivindikiro kamodzi, ananunkhiza, n'kulikankhira ndi phazi pamulu wa ena akufa. Ndinakhala pamsewu mpaka dzuwa kupendeka. Mabasi awiri opita kwathu anaima, ndinawasiya apite. Lachitatu ndinakwera.