Tsiku Limene Sanaone Mngelo

Amayi oluka zipewa a khomo loyandikana nafe amaona angelo paliponse: mu nthunzi ya ketulo, m'makatani akamauluzika. Khanda likamwetulira m'tulo, amati likucheza ndi akwawo akumwamba.

Tsiku lina mkazi wa telala anawaitana akuseka, akuloza khanda lake. "Amayi, dzaoneni abusa athu! Akangodzuka amayamba kupemphera."

Khandalo linagwetsa mutu mwadzidzidzi, timanja n'kutambasuka, timawondo n'kupindika. Linapuma pang'ono, n'kubwerezanso kangapo.

Maso awo olota aja anatsika kumitambo. "Si pemphero ili, mwanangu. Likhoza kukhala khunyu la makanda, ndipo kuchedwa kumavulaza ubongo. Mjambule pafoni adokotala akaone. Bereka tizipita kuchipatala."

"Osayamba tagwada kaye?"

"Tipemphera tikuyenda. Mulungu amamva ngakhale munthu ali wefuwefu."