Tsiku Limene Msewu Unati Zii

Amuna anga anayendetsa lole zaka makumi awiri ndi zitatu osagunda ngakhale nkhuku. Shuga atawalanda maso, munthu yemweyo ankaopa kutsika pakhonde. Chaka chathunthu anachithera pampando, ine n'kusanduka ndodo yawo mpaka kuchimbudzi.

Khutu lokha silinawataye. Galimoto ikadutsa ankati, "Imeneyo sifika patali, mapulagi atha." Mwini galaja ya kumapeto kwa msewu wathu atamva zimenezi, anati azibwera kudzamvetsera mainjini. Koma anawauziratu kuti azibwera okha, iye alibe munthu wodzawatenga. Nanenso ntchito yanga yochapa sinkandilola.

Mayi wina wophunzitsa kuyenda ndi ndodo yoyera anayenda nawo masabata asanu ndi limodzi. Anawaphunzitsa kugogoda pansi asanaponde, ndi kuloweza njira ndi makutu: firiji ya pagolosale, wailesi ya ometa tsitsi, kenako makina a owotcherera zitsulo. Pa owotchererapo ndiye pokhotera, chifukwa kutsogolo kwake kuli ngalande yakuya yopanda chivundikiro. Ine mayiyo anandichenjeza kuti, "Mukangowagwira mkono kamodzi, tabwerera poyambira."

Tsiku loyamba kupita okha ndinawatsanzika pakhomo ngati munthu womvera. Kenako ndinavula nsapato n'kuwatsatira mwakachetechete.

Tili pakati pa njira, magetsi anazima. Firiji zii, wailesi zii, makina zii. Ndani anaziganizirako zimenezi? Amuna anga anachepetsa liwiro, atapendeketsa mutu, kufunafuna phokoso lomwe kunalibe. Anapitirira pokhotera paja. Ndodo inati go, go, kenako inangolowa m'malere osagunda kanthu.

Anaima. Ndinaona nsonga za nsapato zawo zili m'mphepete mwenimweni mwa ngalande. Ndinaluma mpango kuti ndisakuwe, poti ndinadziwa kuti ndikangowakoka, abwerera pampando paja mpaka imfa.

Anabweza phazi limodzi, kenako linalo, pang'onopang'ono ngati akubweza lole pamlatho wopapatiza. Ndiye anakweza mawu.

"Achimwene owotcherera, muliko? Tamenyani chitsulo ndimve!"

Nyundo inalira kumbuyo kwawo, chakumanzere. Anatembenuka, ndodo patsogolo, n'kuyenda mpaka inagunda geti la galaja.

Asanalowe analozetsa nkhope komwe ndinaima.

"Mayi a ana, kavaleni nsapato, mubayidwa ndi misomali pano. Mumapuma ngati injini yotha."

"Mwandimva liti?"

"Kuyambira pakhomo. Mawa musabwere."

M'mawa mwake ndinakhala pampando wawo uja, manja ali pamtima. Ndinamvetsera kugogoda kwa ndodo mpaka kunazimiririka, kenako ndinayamba kupempherera magetsi.