Tayi ya Atate mu Kalindula

Amene anandiphunzitsa kupeka nyimbo ndi amalume anga, mlongo wawo wa amayi. Kale ankaimba gitala m'mahotela a m'tauni, koma ndalama ya dziko itatha mphamvu mahotela anasiya kuitana oimba. Gulu lawo linabalalika, iwo n'kudzakhala nafe ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, m'kachipinda kakuseri. Anabwera ndi gitala, wailesi ya kaseti, ndi pakamwa pawo pakuthwa.

Ine ndinali nditamaliza sukulu, ntchito kulibe. M'mawa ndinkaima pamzere wa ufa, masana n'kukhala pakhomo pa amalume. Ankaika kaseti, n'kuidula pakati.

"Wamva chani?" ankandifunsa.

"Nyimbo yabwino, bamalume."

"Chitsiru iwe. Yabwino ni nyama. Nakufunsa kuti wamva chani."

Pa rumba ya ku Zaire anandionetsa kudikiritsa munthu: oimba amayamba mwaulesi, kukunyengerera, ndipo miyendo ikatopa n'kudikira m'pamene magitala amamasuka. Pa nyimbo za azungu za pa wailesi ankandiuza kuti ndione momwe mawu oti uwakumbukire amafikira msanga, n'kumabwererabwerera. Makolasi a kutchalitchi kwa amayi ankawanyoza, komabe ankati ndimvetsere momwe wotsogolera amaponyera mawu mpingo n'kuwawakha. Kalindula, mayimbidwe a kwathu kuno ku Zambia, yekha ndiye ankamupatsa ulemu. Ankati mmenemo gitala ya besi imayenda ngati munthu wokhuta, ndipo mawu amakamba za munthu amene aliyense akumudziwa.

Ndikaphonya chala pagitala ankandikwapula ndi waya wakale. Ndikapeka nyimbo ankaitana ana a m'nyumba zoyandikana kuti ndiwaimbire. Anawo akayamba kuchoka mmodzimmodzi, amalume ankaseka mpaka kutsokomola.

"Waona? Na bana ba mamina bakukana."

Atate anali kalaliki pafakitale ina ya mabulangete. Fakitaleyo itatsekedwa, iwo sanasinthe kanthu. M'mawa uliwonse ankapukuta nsapato, kumanga tayi, kunyamula chikwama, n'kuyenda wapansi kukafunsa ntchito m'tauni. Akakanidwa ankakhala pansi pa mtengo wina pafupi ndi njanji mpaka nthawi yoweruka. Komboni yonse inkadziwa, koma panalibe wonena. Madzulo amayi ankawalonjera kuti, "Mwaswera bwanji kuntchito?" Iwo n'kuyankha kuti aswera bwino. Ulemu umenewo anthu anawasungira.

Ndinapeka nyimbo ya munthu wotero. Inali yoyenda pang'onopang'ono, ya ndime zambiri, yokamba za nsapato zikutha kunsi pomwe pamwamba zikuwala. Nditawaimbira amalume, sanaitane ana. Anati ndibwereze. Kanali koyamba kundimvera mpaka kumapeto osanditukwana.

"Nkhani ilimo," anatero. "Koma ndani angavine maliro?"

Ndinagona wokondwa tsiku limenelo.

Masiku amenewo amalume anali atasonkhanitsa anzawo angapo, ndipo Loweruka masana ankaimba pabala ina ku Kanyama. Sankanditenga. Patapita milungu ingapo, ndili pampopi ndi chigubu, ndinamva ana akuimba. Ndinazindikira kayimbidwe kanga, koma kakuthamanga ngati kakuthawa galu. Ndime zonse zinali zitachotsedwa. Mtsikana wina ankaponya kuti, "Ba tayi, ofesi ili kuti?" Anzake n'kuyankha onse pamodzi, "Pansi pa mtengo!" Analinso ndi kavinidwe kake: dzanja limodzi pakhosi ngati ukukonza tayi, lina likugwedeza chikwama chosaoneka, mutu uli m'mwamba. Kameneko kanali kayendedwe ka atate kenikeni. Azimayi omwe anali pamzere anagwira pakamwa, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Ndinasiya chigubu pompo. Amalume ndinawapeza akumangirira waya pagitala.

"Bamalume, aja ni batate. Mumagona m'nyumba mwawo."

"Natchula dzina la munthu?" anandifunsa osadzutsa mutu. "Iwe unalemba vinthu vambirimbiri, palibe anasunga liwu na limodzi. Ine nafunsa funso limodzi chabe, Chawama yonse iyankha. Phunziro ni limenelo. Uzanithokoza ukakula."

Atate nyimboyo inawapeza m'mawa wina. Atangotuluka pageti, ana anawatsata pambuyo, akuimba ndi kuvina. Anyamata ogulitsa fodya pamphambano analowerera ndi malikhweru. Atate anayenda pang'ono, mutu uli m'mwamba monga mwa masiku onse, ndipo zimenezo zinangowonjezera phwete, chifukwa zinafanana ndendende ndi kavinidwe kaja. Anaima, natembenuka, nabwerera m'nyumba. Anamasula tayi, naipinda bwinobwino, naiika m'chikwama. Kuyambira tsikulo sanapitenso kutauni.

Amayi analira, natukwana mlongo wawo mpaka mawu kuwathera, koma kuwathamangitsa sanathe. Nyimbo ija inali itagwira. Mabala a ku Matero ndi ku George ankawaitana, ndipo panyumba pathu munthu yekha wobwera ndi thumba la ufa anali amalume. Tsiku lina tikudya, atate anangotsina pang'ono n'kusamba m'manja. Amalume anawakankhira mbale.

"Idyani, bamulamu, musachite manyazi. Ni tayi yanu yagula."

Atate anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja, nadya, chifukwa anali ndi njala.

Mvula isanayambe ananena kuti akupita kwawo ku Katete kukalima. Ine ndinawanyamulira katundu mpaka pokwerera basi. Panjira za nyimboyo sanandifunsepo, ngakhale ndikhulupirira kuti khoma la kachipinda kaja silinkabisa mawu. Ali pamzere wokwera, mnyamata wina woitanira basi anayamba kuiimba ndi likhweru. Sankawadziwa, inangomubwerera pakamwa. Atate anakwera, nakhala mbali yopanda zenera loyang'ana kwa ine. Ku Lusaka sanabwerenso.

Woimba besi wa gulu lija atadwala, amalume anandipatsa malo ake. Ntchito ina kunalibe. Loweruka lililonse anthu ankaipempha nyimbo ija, nthawi zina kangapo, ndipo amalume akaponya funso ankaloza ine ndi mutu wa gitala kuti nditsogolere kuyankha. Ndikayankha motsitsa ankaimitsa gulu lonse, n'kuuza anthu kuti mwana wa mwini ofesi wachita manyazi, amuombere m'manja. Anthu ankaomba, ife n'kuyambiranso.