Mphukira Zitatu za Okidi ya Amayi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene amayi anatisiya. Tinkakhala m'nyumba ya pasukulu ku Kasenengwa, kumene atate ankaphunzitsa. Pakhonde panali duwa limene amayi ankalitcha okidi, lomera pachipika chopachikidwa ndi waya, mizu yake yoyera ili pamtunda. Analitola pamtengo wogwa m'njira ya ku Mwami ine ndisanabadwe.

Tinawaika m'manda mu Epulo, ndipo Meyi analowa ndi mphepo yake yong'amba milomo. M'mawa wina ndinaona timphukira titatu tobiriwira tikutuluka patsinde pa duwalo. Zomera zina zonse zinkafota, koma ilo linasankha kuphuka kukuzizira. Ndinachita mantha kuti nalonso lifa.

Ndinalitsitsa n'kulikwirira mumphika wa dothi losakaniza ndi manyowa a mbuzi. Madzulo aliwonse ndinkalithirira mpaka madzi kusefukira, kenako n'kulifunditsa chitenje cha amayi. Atate masiku amenewo akaweruka ankangodzitsekera kuchipinda, choncho sanaone kanthu.

Patapita masabata awiri, mphukira ziwiri zinada n'kuyamba kununkha ngati kabichi wowola. Ndinalira mpaka atate anatuluka.

Anagwada n'kufukula mizu ndi zala. Ndinkadikira mbama, koma iwo anangonditchula dzina n'kunena kuti, "Tiyese, tatenga mpeni uuwotche pamoto."

Anadula zowola zonse, n'kuwaza phulusa pamabala. "Ili silifuna dothi, mwana wanga. Mizu yake imapuma mphepo. Likamaphuka nyengo ino, uzilithirira pang'ono m'mawa, kuti dzuwa liumitse madziwo kusanade."

"Ndimafuna lisamve kuzizira," ndinatero.

"Ndikudziwa. Inenso amayi ako ndinkawafunditsa mabulangeti atatu, iwo akundipempha kuti nditsegule zenera."

Aka kanali koyamba kuwatchula chichitikireni maliro. Tinakhala pansi pakhondepo nthawi yaitali, tonse misozi ili chuchuchu.

Tinalimangiriranso pachipika chake. Mphukira yotsalayo inakula, ngakhale panapita zaka ziwiri tisanaonenso maluwa ake achikasu amawangamawanga.

Lero ndine namwino muno mu Chipata. Ndimaona abale akuunjikira wodwala phala, zofunda ndi malangizo mpaka iye kusowa popumira, koma sindiwakalipira. Ndimadziwa kuti manja awo akuyendetsedwa ndi mantha. Ndimangowaitanira pambali n'kuwafunsa mofatsa ngati amufunsako mwiniwakeyo chimene akufuna.