Amake Alufeyo ndi Chaka cha Pakhomo la Tchalitchi

Inu amene mukuwerenga, ndikukupemphani kuti muime pang'ono ndi kuyang'ana moyo wa mayi wina amene sanaimepo paguwa, ndipo sankadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Tchalitchi chathu chili m'mudzi wina kumunsi kwa Chonde, ndipo pamwamba pa chitseko chake palembedwa 1940. Alendo amangowerenga n'kulowa. Koma ife amene tinalipo tsiku limene chakacho chinalembedwa, mpaka lero timayamba tadzuma tisanadutse pansi pake.

Dzina lawo la ubatizo linali Janet. Makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi, ndipo iwo anakulira kumzere wa nyumba za antchito asanakwatiwe m'mudzi mwathu. Popeza kwathu mayi amatchulidwa ndi dzina la mwana wake woyamba, tonse tinkawaitana kuti Amake Alufeyo.

Mayiwa anali ndi njira yawoyawo yosungira zaka. Kwa iwo nyumba iliyonse yakale inali ndi mwana wobadwa nayo limodzi. Mukamapita nawo kumsika wa Chonde, ankaloza ndi mlomo n'kumanena kuti sitolo ya a Faraji ndi mnzake wa Marjory wogulitsa nthochi uja, pakuti malata ake anakhomedwa Marjory akumera mano. Chigayo chakale ankati chinayamba kulira pamodzi ndi mapasa ena a kutsidya. Ngakhale ku boma, akakhala pamzere wa kuchipatala, ankadziwa khonde limene linawonjezedwa iwo akuyamwitsa mwana wawo wachiwiri, Stella, wobadwa chaka cha njala yaikulu, 1949. Amayi anzawo ankaseka, amvekere wofuna kubisa zaka zake asayende njira imodzi ndi mayi Janet.

Alufeyo anakula nakhala mphunzitsi. M'chaka cha 1965, pamene munthu ankatha kudzuka ali mfulu n'kumadzatchedwa chigawenga dzuwa lisanalowe, galimoto inaima pasukulu masana. Anamutulutsa m'kalasi choko chili m'manja. Mlandu wake sitinaumve, ndipo kumene anapita naye sitinakudziwe. Pasanapite nthawi mayi ake anaimiritsidwa pamsonkhano wa chipani, nauzidwa kuti anene pamaso pa anthu kuti alibe mwana wotero. Ananena, pakuti anali wamasiye, Stella anali akadali mtsikana, ndipo nyumba zina zinali zitapsa kale.

Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kuwaitana kuti Amake Stella. Palibe amene anatilamula. Mantha okha ndiwo anatiphunzitsa. Iwo ankayankha. Za masitolo ndi chigayo ankafotokozabe monga kale, koma za tchalitchi chathu anasiyiratu kunena.

Zinakhala choncho mpaka 1979, pamene tinalandira abusa atsopano, a Jailosi, munthu wachinyamata wochokera kutali, wokonda kuseka, wosadziwa mabala a mudzi wathu. Iwo anatilimbikitsa kukonza tchalitchi, ndipo anafuna kuti chaka chimene chinamangidwa chilembedwe pakhomo. Loweruka lina masana mmisiri anamaliza kupaka simenti kumaso kwa khoma, nakhala pamakwerero msomali uli m'manja, kudikira kuti auzidwe cholemba. Akulu a mpingo anatsutsana. Ena ankati nkhondo yachiwiri isanathe, ena ankati itatha. Chimene anagwirizana ndi chakuti zinali zaka za m'ma 1940, choncho mmisiri analembako manambala atatu oyamba, kwatsala imodzi. Pamenepo wina, mosaganiza, anati afunsidwe Amake Stella, amene anali pakati pa amayi otunga madzi.

Abusa anawaitana mosangalala. "Amayi, ndamva kuti inu ndiye kalendala wathu. Tchalitchichi ndi mnzake wa ndani?"

Anagwada, nayankha akuyang'ana pansi kuti madzi oumbira njerwa anasenza okha ali ndi pakati pa mwana wawo woyamba, ndipo anachira sabata imene denga linafoleredwa.

Abusa anawomba m'manja. Anati basi zatheka, pakuti mwana woyamba wa Amake Stella ndi Stella, ndipo Stella anali atawauza yekha kuti ndi wa chaka cha njala. Anauza mmisiri kuti amalizitse 1949.

Tonse tinkadziwa kuti si zoona. Pamthunzi wa mtengo wa mango panaima a Morris, wapampando wa chipani m'dera lathu, amenenso ankaimba besi mukwaya. Ndiwo anatsogolera msonkhano uja wa 1965. Anayankhula mofatsa, ndipo kufatsa kwawoko ndiko kunatizizira m'mafupa.

"Lembani, amisiri, simenti ikuuma. Si choncho, Amake Stella? Pajatu munatiuza nokha kuti mwana wanu ndi mmodzi."

Njira yopulumukira inali yotseguka pamaso pawo. Akanangogwedeza mutu, nambala imodzi ikanalembedwa, ndipo aliyense akanapita kwawo mumtendere. Stella, amene tsopano anali mayi wa ana ang'onoang'ono, anaima chapatali ndowa ili pamutu, maso ake akuwapempha. Mmisiri anayandikitsa msomali pakhoma.

"Ayi, abusa," anatero mayi Janet. "Chaka cha njala tinalibe mphamvu yoponda dothi, tinkadya mizu ya nthochi. Nyumba iyi ndi mnzake wa Alufeyo, ndipo ndiye anayamba kubatizidwamo. Ndinamukana pabwalo. Pakhomo la Mulungu sindingathe."

Dzinalo linagwa pakati pathu ngati mwala wochokera kuphiri. Amayi ena anayamba kutola ndowa zawo n'kumabwerera m'mbuyo. Abusa anafunsa kuti Alufeyo ndani, ndipo ndinaona kumwetulira kukuchoka pankhope pawo pamene anazindikira kuti aponda pamanda. Patapita kanthawi a Lackson, nkhalamba imene inamenya nawo nkhondo, anatsokomola, nanena osatchula dzina kuti mwana ameneyo anabadwa mwezi umene iwo anakwera lole kupita kuusilikali, ndipo chimenecho chinali chaka cha 1940. Mmisiri anatembenuka kuti aone a Morris, koma iwo anali atayamba kale kuyenda panjira yopita ku Chonde, osatsanzika. Mmisiriyo analemba ziro mofulumira. Mukadzafika mudzaona kuti ndi wopindika ndipo sanatsekeke bwino pamwamba.

Masiku otsatira anali olemera. Lamulungu, benchi imene mayi Janet anakhalapo inali ndi malo ambiri mbali zonse ziwiri. Galimoto ikalira kumsewu waukulu, makasu ankaima m'minda. Mayiwo anamanga kamtolo ka bulangete ndi chitenje, ndipo tsiku ndi tsiku ankakhala nako pamwala wa m'mbali mwa njira, patali ndi nyumba ya Stella. Nditapita kukapemphera nawo, anandifotokozera kuti akufuna owatengawo awapeze pomwepo, asalowe pabwalo n'kuona nkhope za adzukulu. Anandipemphanso kuti ndipemphere chamumtima ndi kupita msanga, popeza inenso ndinali ndi ana. Ndinawafunsa ngati akuchita mantha. Anati kwambiri, moti chakudya sichikutsika, koma kuyambira Loweruka lija akutha kuyang'ana khoma la tchalitchi.

Galimoto inabwera masana ena nandolo atayamba kuuma. Mayi Janet sanadikire kuitanidwa. Ananyamula kamtolo kawo, nayenda okha kukakwera. Sabata yomweyo mkamwini wawo Danieli, mwamuna wa Stella, anachotsedwa ukapitawo kuesiteti popanda chifukwa chonenedwa. Stella analira mowawidwa mtima, nanena kuti mayi ake asankha mwana amene kulibe n'kutaya amene alipo. Sindinathe kumudzudzula, pakuti ana ake anali ndi njala. Akulu ena a mpingo ananong'onezana zoti chakacho chifufutidwe, koma anaopanso kuti kufufuta kukhala kuvomereza kuti nambalayo ikunena kanthu. Choncho inatsala.

Mvula yoyamba itagwa, mayi Janet anatulukira wapansi kuchokera ku Chonde, atametedwa, ataonda, akutsokomola. Za kumene anali sananenepo kanthu, kupatula kuti anafunsafunsa za mwana wawo koma palibe anamudziwa. Stella anawaphikira ndi kuwachapira, koma kwa nthawi yaitali sankacheza nawo.

Tsiku lina ndinapita kukawaona, ndipo ndinapeza Stella akusesa pabwalo. Ndinafunsa monga tinazolowera, ngati Amake Stella alipo. Iye anasiya kusesa, nayang'ana njira kumtunda ndi kumunsi. Kenaka anayankha motsitsa mawu.

"Amake Alufeyo ali kuseri, akuothera dzuwa."

Mpanda wa udzu unali wopyapyala, ndipo mayiwo anamva. Ndinawapeza ataphimba nkhope ndi manja onse awiri, misozi ikudutsa pakati pa zala.

Anakhala ndi moyo zaka zina zowerengeka. Alufeyo sanabwere. Anthu ambiri anapitiriza kunena kuti Amake Stella mpaka tsiku la maliro, pakuti nthawi inali isanasinthe, ndipo ngakhale pamanda dzina lija silinatchulidwe mokweza. Koma bokosi lawo linatuluka m'tchalitchi kudzera pansi pa chaka chimene mwana wawo anabadwa, ndipo onyamulawo, osauzana, anaima pang'ono pakhomopo.

Ambuye amene amadziwa nkhosa zake ndi kuziitana mayina, amene sanaiwalepo ngakhale mmodzi wa otengedwa m'masiku amenewo, akupumitseni, Amake Alufeyo, ndipo akuonetseni nkhope imene munaifunafuna. Inunso owerenga, Mulungu yemweyo asunge nyumba yanu ndi ana anu. Ndipo ngati tsiku la mantha lidzakufikirani, akugwireni dzanja kufikira mutatchula amene muyenera kumutchula. Amen.